Pulagi ikada, mlandu si wa pulagiyo

Sabata ino ndikanangoidutsa osalemba kanthu koma za Lachitatu zandisiyira chakukhosi mpaka pano. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija za masiku onse, kukoka matcheni, kusintha oyilo, mabuleki akumbuyo olira, kebulo ya kilatchi yoduka, palibe chofotokoza. Nkhani ndi ya njinga yamoto, Honda CB350 ya 1972, ija ya masilinda awiri, 325cc, makabuleta awiri a Keihin okhala ndi dayafulamu ya labala pamwamba, mapoyinti awiri (timaswichi tolamulira nthawi ya moto wa mapulagi), makoyilo awiri. Eni ake ndi bambo achikulire amene amaisamala kwambiri njingayo, mpaka penti ndi yoyamba yomwe.

Dandaulo lawo linali loti m'mawa imalira bwinobwino, koma akangoyenda pang'ono iyamba kutsokomola, mphamvu kutha, kenako silinda imodzi kufa, iwo nkumabwerera kunyumba ndi inayo. Njingayi inali itabwerapo kale pagalaja pathu ine ndili pa ntchito zina, ndiye nditatenga khadi lake ndinapeza zolemba ndi zomwezomwezo ulendo uliwonse, mapulagi atsopano, mapulagi atsopano. Maulendo onsewo palibe anatsegulapo kabuleta, palibe anayezapo kompulesheni. Munthu akulipira, akupita, akubweranso.

Nditamasula mapulagi, ya kumanzere inali yakuda bii, mwaye wouma wofumbuka, osati wonyowa ndi oyilo ayi. Ya kumanja inali yoyera mbee. Anzanga a ntchitoyi mwamva kale tanthauzo lake, mbali imodzi ikumwa petulo wambiri, inayo ikuperewera, matenda awiri osiyana pa injini imodzi. Ndisanaike nkomwe mapulagiwo pa benchi abwana afika kumbuyo kwanga, akuti achimwene musatayepo nthawi apa, ikanimo mapulagi a B6ES mbali zonse, pulagi yotentha imawotcha mwaye yokha, pali njinga zina zikudikira. Ndinati bwana taonani kaye ya kumanjayi. Akuti imeneyo ndiye ili bwino, ndi yoyera.

Apa ndiye pamene mtima unandipsera. Buku la njingayi limafuna B8ES, ndipo ku NGK, kampani yopanga mapulagiwa, nambala ikamatsika pulagi imakhala yotentha kwambiri, ndiye B6ES ndi masitepe awiri. Ndi zoona kuti nsonga ya pulagi imafunika ifike madigiri cha m'ma 450 mpaka 500 kuti iziwotcha yokha mwaye, koma ikapitirira cha m'ma 800 nsongayo imayatsa petulo nthawi yake isanakwane, moto wa koyilo usanabwere. Tsono mutenge pulagi yotentha muiike m'silinda yoti ikutentha kale chifukwa chosowa petulo, pa injini yozizira ndi mphepo basi, munthu wamkulu akwere akoke mtunda wautali. Pisitoni imabooka pamwamba. Ndiye pisitoni ya njinga ya 1972 mukaitola kuti msanga? Ndipo zikatero amene atukwanidwe ndi amene anagwira sipanala, osati amene analamula. Ndinakana. Ndinawauza mwaulemu kuti ngati ili B6ES aike okha ndipo pakhadi alembepo dzina lawo. Anangochoka osayankha.

Pulagi ndi mboni chabe, imangonena zimene yaona m'silinda. Ife pagalaja pano tazolowera kumanga mboniyo wakuba ali phee.

Kuti ndiyambe ntchito yeniyeni ndinayamba ndapita kukabwereka geji ya kompulesheni kwa mnzanga, chifukwa yathu inasweka kalekale ndipo nkhani yogula ina imangothera pa tiona. Taiming'i laiti nayo tilibe, ndinatchera ndi babu ndi mawaya awiri ngati akale, zimatheka koma galaja yoti imalandira njinga za mapoyinti siyenera kukhala choncho. Kompulesheni inali yabwino, mbali zonse pafupifupi chimodzimodzi, ndiye maring'i ndi mavalavu ndinazichotsa m'maganizo, komanso ekizozi simatulutsa utsi wabuluu. Mapoyinti ndinawabweza pakati pa 0.3 ndi 0.4mm, batire ndinaliyeza poti njinga zimenezi batire likafooka moto umafookanso ndipo pulagi imada ngakhale kabuleta ili bwino. Moto unali wamphamvu mbali zonse. Choki imatseguka yonse, fyuluta ya mpweya sinali yotsekeka. Zonsezi ndimachita ndisanakhudze kabuleta, chifukwa ndaona anthu ambiri akupotokola ma screw tsiku lonse vuto lili ku magetsi.

Nditatsitsa kabuleta ya kumanzere nkhani inali poyera. Fuloti yake, kachoyandama kolamulira msinkhu wa petulo m'mbale ya kabuleta, ndi ya mkuwa, nditaigwedeza pafupi ndi khutu ndikumva petulo akuchita khuvukhuvu mkati. Kuimiza m'madzi otentha, tithovu tikutuluka pamsoko pamene anawotcherera. Fuloti yolemera siyandama mokwanira, nidulo sitseka pa nthawi yake, petulo amakwera m'mbale kuposa muyezo ndipo injini imangomwa. Si zokhazo. Majeti, tizitsulo tabowo todutsamo petulo, a makabuleta amenewa sapotokoledwa ayi, amangokankhidwa ndipo amatsekedwa ndi timphete ta labala, tima O-ring, ndiye timeneti tinali titauma gwa, kena kothetheka, petulo akudutsa m'mbali osadzera pa bowo la jeti. Petulo wosakaniza ndi ethanol salekerera labala wakale, aliyense wogwira njinga zakale akudziwa zimenezi.

Chinandiseketsa mokwiya ndi choti majeti amene anali mmenemo sanali a Keihin, analibe kachizindikiro kaja, anali a m'makiti otchipa amene nambala yolembedwa ndi kukula kwa bowo nthawi zina sizigwirizana. Makiti omwewo ndi amene adzaza shelefu yathu, abwana amawakonda. Ndinawaimbira bambo aja kuwafunsa ngati majeti akale anataya, anati ayi amisiri, ine sinditaya kanthu ka njinga imeneyi, onse ali m'kachitini. Anabwera nawo madzulo omwewo. Jeti ya mkuwa yoyambirira ukaiviika ndi kuipemerera ndi mpweya imabwerera mwakale, bola osaisokosa ndi waya wachitsulo, bowo limakula.

Kumanja vuto linali lina. Labala wolumikiza kabuleta ndi injini anali ndi mng'alu pansi pamene maso safika, ndinaupeza pothira sipuleyi yotsukira kabuleta injini ili pa ayidolo, ikungolira njinga itaima, kuthira pamenepo kulira kusintha. Imakoka mpweya wakuba. Ndiye wina m'mbuyomu, pofuna kuthana ndi pulagi yakuda ija, anapotokola ma pilot screw, otcherera petulo wa pa ayidolo, onse awiri mofanana kuti achepetse petulo, kumanzere sizinathandize kanthu poti fuloti ndiyo imasefukira, kumanja kunangowonjezera njala. Pano ndinenepo za anyamata ophunzira, musamagwire screw musanadziwe ngati ndi ya mpweya kapena ya petulo, nthawi zambiri ikakhala mbali ya fyuluta ndi ya mpweya, ikakhala mbali ya injini ndi ya petulo, ndipo ukaitulutsa zotsatira zake zimakhala zosemphana.

Lachinayi lonse linathera pa kutchuna. Fuloti ina yabwino tinaipeza pa kabuleta yakufa imene inali m'bokosi la zotsala, ndinaitchera msinkhu monga mwa buku, ma O-ring atsopano, labala watsopano, madayafulamu ndinawaunika pa dzuwa analibe bowo. Injini itatentha bwino, screw iliyonse payokha, pang'onopang'ono mpaka pamene kulira kwakwera kwambiri, kenako kutsitsa ayidolo, kenako makebulo kuti mbali zonse zizinyamuka limodzi. Izi sizifuna changu, khutu limafuna phee, tsono pagalaja pathu kompulesa ikulira, wailesi ikulira, abwana akudutsadutsa nkumafunsa kuti simunathebe. Anthu amaiwala kuti pilot imalamulira pa ayidolo mpaka cha pa kota ya thirotulo, nidulo ya pansi pa dayafulamu pakatikati, meni jeti kumapeto, ndiye njinga yoti ikuda poyenda pang'onopang'ono kuisinthira meni jeti ndi kungotaya nthawi. Ndinaikamo B8ES zatsopano, gapu 0.7mm, nkukwera kukaikoka pamsewu, ndili pa liwiro kugwira kilatchi nkuzimitsa pomwepo kuti ndiwerenge mapulagi ayidolo isanawadetse. Petulo wopanda lead sapaka mtundu msanga ngati wakale, umayenera kusuzumira mkati mwenimweni pansi pa choyera cha pulagi chija, koma onse awiri anatuluka ofanana, kofiirira pang'ono. Bambo aja atamva kulira kwake anangoti amisiri, mmene ndinkaidziwira ndi mmenemu.

Abwana mawu awo anali oti njinga imodzi yadya malo a njinga zambiri. Iwo amawerenga zotuluka pageti, zobwerera sawerenga. Chimene chikundiwawa kwambiri ndi mnyamata wathu wophunzira, mwana wanzeru ndithu, koma waphunzira kale kuti njinga ikamatsokomola umathamangira ku shelefu ya mapulagi. Ndinamukhazika pambali panga nthawi yonse ya kabuleta ija, fuloti ndinamupatsa agwedeze yekha, ndipo abwana anamuitana pakati pa ntchito kuti akatsuke njinga ya kasitomala wina.

Lachisanu kunabwera Yamaha DT ya thu sitiroko, pulagi yonyowa noninoni, mwini wake amathira oyilo m'thanki pamene pampu ya Autolube, yothira yokha oyilo m'injini, ikugwira ntchito bwinobwino, oyilo kawiri. Tinakhuthula thanki basi. Loweruka mapanchala ndi kusesa, komanso kunafika katoni ina ya mapulagi, geji ya kompulesheni ayi. Ndamva kuti abwana avomera kale CB750 ya makabuleta anayi yoti ibwera Lolemba, amulonjeza mwini wake kuti itha tsiku lomwelo, ndipo ma vacuum gauge olinganizira makabuleta anayiwo pagalaja pano kulibe.