Kabotolo kanga kayaka!

Tangozimitsa magetsi mu labu n'kuyatsa nyale ya UV, yotulutsa kuwala kumene maso athu saona, basi madzi a m'kabotolo kanga, amene masana amangooneka ngati madzi wamba, awala kuti ngwee, obiriwira ngati chiphaniphani. Anzanga, manja akunjenjemerabe. Masabata 7 ndakhala ndikusakaniza, kusefa, kutaya, kuyambiranso.

Chikuwalitsa madziwa ndi kamolekyu, kanthu kakang'ono kwambiri kamankhwala, kamene ndapanga; kamameza kuwala kumene maso athu saona, n'kutulutsa kuwala kooneka. Chimene tikufuna n'choti kaziwala pokhapokha kakakumana ndi zinc mkati mwa selo yamoyo, ife tizionera pa maikulosikopu. Fluorescein, mankhwala enanso owala chonchi, katswiri wa sayansi Adolf von Baeyer anamupanga mu 1871, koma mpaka lero madokotala amamudonthezera m'diso kuti aone pamene lakandika. Ndikaganiza kuti kanganso kangadzathandize wodwala choncho, misozi ikungolengeza.