Khofi wa agogo ku Mkunazini

Za basi yochoka ku Songwe mpaka ku Dar es Salaam sindinena, ukudziwa ndi msana wangawu. Boti la ku Zanzibar ndinalipira madola 35, eni dziko akulipira kangachepe. Tikiti kaguleni nokha pawindo, anyamata apanja aja angakudyereni masuku pamutu.

Ku Mkunazini, dera la mu Stone Town ku Zanzibar, ndinakaona tchalitchi cha Anglican chomwe chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, umene Sultan Barghash anatseka mu 1873. Potuluka mvula inayamba, ndipo ndinakausa pakhonde la agogo ena ogulitsa khofi m'timakapu ting'onoting'ono. Atamva kwathu anaseka: "Mnyasa!" Ndalama yanga anaikana.

Chiswahili changa n'chothyokathyoka, komabe ndinawafunsa ngati kapolo wa Msilamu ankatha kumasuka. Agogo anakhala bwino. Anati m'malamulo a Chisilamu muli pangano lotchedwa mukataba: kapolo amagwirizana mtengo ndi mbuye wake, amalemberana, n'kumalipira pang'onopang'ono mpaka akhale mfulu. Zili mu Qur'an, sura 24 ndime 33, pomwe mbuyeyo akuuzidwanso kuti amuthandize ndi chuma. Ngakhale zakat, chopereka chomwe Asilamu amalamulidwa kupereka, imaloledwa kuombolera kapolo. Kenaka anandisimbira za Salman al-Farisi, kapolo wa m'nthawi ya Mtumiki Muhammad, amene mtengo wake unali mitengo ya tende (kanjedza wa zipatso) 300 kuphatikizapo golide. Maswahaba, anzake a Mtumiki, anamusonkhera mbande, Mtumiki Muhammad n'kudzala ndi manja ake. Apa agogo nkhope inachita kuwala.

Ine mtima unali usanatsike. Ndinati, agogo, Salman anali ndi anzake. Nanga munthu wogwidwa kwa Jumbe ku Nkhotakota, woyenda wapansi mpaka ku Kilwa, n'kumakathyola karafuu (zokometsera zakudya) m'munda wa eni, akanamusonkhera ndani? Nanga mbuye akakana kulemba? Anavomera kuti akatswiri ambiri a malamulo amati kulemba panganoli n'kwabwino koma si kokakamiza. Funso loyamba lija sanayankhe, anangondithirira khofi wina.

Ku Zanzibar lamulo lothetsa ukapolo linadza mu 1897, koma akapolo osungidwa ngati akazi apambali, omwe ankatchedwa masuria, anadikira mpaka 1909. Zaka 12 zathunthu, mwina ena mwa iwo akulotabe m'Chinyanja.

Mvula itakata ndinasochera kawiri m'tinjira ta Stone Town. Nsapato zinauma patatha masiku awiri, ndiye mukamapita ko nyamulani zapulasitiki.