Momwe ndinapangira template ya thanki yogona mu AVEVA E3D

Pa ntchito ina yojambula mapulani a fakitale mu AVEVA E3D, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mafakitale mu 3D, tinkafunika matanki ogona 6, ofanana kapangidwe koma osiyana kukula, ndipo nditamaliza awiri oyambirira ndinaona kuti ndikungobwereza zomwezomwezo. Ndinaganiza zopanga template imodzi yoti munthu azingolowetsamo miyeso, thanki n'kusintha yokha.

Ndisanakhudze kompyuta ndinayamba ndalemba papepala miyeso imene imasinthadi, ndipo inapezeka itatu yokha: dayamita, kutalika kwa thunthu la thanki, ndi mmene nozzle (polumikizira paipi) imatulukira pamwamba pake. Ndimakhulupirira kuti template yofunsa miyeso yochuluka imatopetsa anthu mpaka amaisiya, choncho zina zonse ndinafuna kuti ziziwerengedwa kuchokera pa itatuyi.

Mu E3D template imatchedwa TMPL, ndipo imasungidwa pansi pa TMAR (gawo la ma template) ndi TPWL (malo aakulu osungira magawo amenewa). M'kati mwake ndinapanga DDSE (nkhokwe ya miyeso), ndipo muyeso uliwonse ndinaupatsa DDAT (posungira muyeso umodzi) yakeyake, yokhala ndi dzina lalifupi komanso muyeso woyambira. Kenako ndinaika zidutswa za thanki: CYLI (silinda) ngati thunthu, ma DISH awiri ngati zivundikiro zotseka kumapeto, NOZZ ngati nozzle pamwamba, ndi miyendo yonyamula thanki.

Ntchito yeniyeni inali pa malamulo omangirira zidutswazi ku miyeso ija. Poyambira pa template ndinapaika pakati penipeni pa thunthu, kuti thanki ikamatalika izitalikira mbali zonse ziwiri mofanana. DISH iliyonse ndinailamula kukhala pa theka la kutalika kuchokera pakatipo, ndipo popeza zivundikiro zathu zinali za mtundu wa 2:1, kuya kwake kunayenera kukhala dayamita yogawidwa kanayi.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Poika nozzle ndinalemba ndi manja kuti ikhale mamilimita 600 kuchokera pakati, chifukwa thanki yoyesera inali ya dayamita ya 1200, ndipo pa sikirini zonse zinkaoneka bwinobwino. Nditasintha dayamita kukhala 1800, thunthu linakula, zivundikiro zinatsatira, koma nozzle inatsala pomwepo, itamira m'mimba mwa thanki osaonekanso. Zinandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa wojambula mapaipi amalumikiza paipi yake pa nozzle imeneyi, ndipo cholakwikacho chikanafalikira m'zojambula zake zonse asanachizindikire. Ndinafufuta 600 uja n'kulemba lamulo loti nozzle izikhala pa theka la dayamita, kenako ndinayendera chidutswa chilichonse kufunafuna nambala ina yolembedwa ndi manja. Ndinaipeza pa miyendo yonyamula thanki.

Nditakonza zimenezi ndinayesa template ndi thanki yaying'ono kwambiri komanso yaitali mopitirira imene tingaifune, ndikuizungulizazunguliza pa sikirini kuti ndione ngati pali chidutswa chopatukana ndi chinzake. Matanki anayi otsalawo anawaika mnzanga wina amene sanaone mmene ndinaipangira, ndipo chokhacho chimene anandifunsa chinali ngati kutalika kukuphatikiza zivundikiro, funso limene yankho lake ndinalilemba tsiku lomwelo m'mawu ofotokozera DDAT ya kutalikako.