Sabata ya ku kiliniki ya mahomoni

Lolemba linali la chithokomiro, ndipo mafayilo ambiri anali ndi nkhani imodzi: TSH yakwera. Odwala akamva zimenezi amaganiza kuti chithokomiro chikugwira ntchito mopyola muyeso, chonsecho n'zosemphana. TSH ndi homoni yolamula chithokomiro kuti chigwire ntchito, ndipo imachokera ku pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo kosakwana galamu imodzi, komwe kali ngati kapitawo. Chithokomiro chikachita ulesi, kapitawoyo amakuwa kwambiri, TSH n'kudutsa malire ake, omwe m'malabu ambiri ndi 0.4 mpaka 4.0 mIU/L.

Tisanawonjezere mlingo wa levothyroxine, mankhwala olowa m'malo mwa homoni ya chithokomiro, timayamba tafunsa kamwedwe. Mankhwalawa amafuna m'mimba mopanda kanthu, madzi okha, kenako munthu adikire mphindi 30 mpaka 60 asanadye. Mapiritsi a ayironi ndi kashiamu amawagwira m'matumbo osalowa bwino m'magazi, choncho azitalikirana maola 4. Angapo omwe TSH yawo inakana kutsika ankangomwera zonse pamodzi. Mlingo ukasinthidwa, kuyezanso kumadikira masabata 6 mpaka 8, chifukwa pamatenga masiku pafupifupi 7 kuti theka la mankhwalawa lichoke m'thupi. Kuyeza pa sabata yachiwiri n'kungotaya magazi.

Lachitatu tinabweza zotsatira za cortisol zotengedwa madzulo. Homoni imeneyi imakwera m'mamawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka, ndiye magazi atengedwe cha m'ma 8 mpaka 9 koloko m'mawa.

Lachinayi ndiye kunali kalavulagaga. Anabwera ndi wodwala wina atamunyamula, akusanza, BP ili pansi, shuga ndi sodium (mchere wa m'magazi) zitatsika. Achibale anatulutsa kabotolo kopanda kanthu ka prednisolone, mapiritsi ogwira ntchito ngati cortisol: wodwalayo anamwa miyezi ingapo, atatha anangosiya. Ma adrenal, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, amatha kuleka kupanga cortisol thupi likamalandira ya m'mapiritsi kupitirira masabata atatu, ndipo sadzuka tsiku limodzi. Apa sitidikira labu. Timatenga magazi, n'kubaya hydrocortisone (cortisol ya jakisoni) 100 mg mumtsempha nthawi yomweyo, kenako diripi ya saline (madzi amchere) ndi shuga. Pomutulutsa, ndondomeko yochepetsa mlingo wa mankhwalawa pang'onopang'ono imalembedwa papepala, chifukwa ya pakamwa imaiwalika.

Lachisanu tinaona amayi oyembekezera. Amene ali kale pa levothyroxine amafunika kuwonjezeredwa ndi 25 mpaka 30 peresenti mimba ikangodziwika, popeza m'miyezi itatu yoyamba ubongo wa mwana umadalira homoni ya chithokomiro cha mayi.