Maluwa a m'chigwa cha Teleki pa phiri la Kenya

Anthu ambiri amene amakwera phiri la Kenya kudzera njira ya Naro Moru amakhala ndi cholinga chimodzi, chokaponda nsonga ya Lenana yomwe ili pa mamita 4,985. Ine chimene chinandigwira mtima chili m'munsi ndithu, m'chigwa cha Teleki. Za dambo lotsetsereka limene lili kumtunda kwa Met Station, malo amene okwera phiri amagonapo panjirayi, ndingonena kuti nsapato wamba zimathera m'matope, ndipo mtengo wolowera m'paki umawerengedwa m'madola kwa ife ochokera kutali, zomwe zimapweteka munthu wolandira makwacha.

Tinagona ku Mackinder's Camp, pamalo okwera mamita opitirira 4,000. M'bandakucha, bambo wina wachikulire amene ankatinyamulira katundu anandidzutsa ndi kapu ya tiyi, nandiuza kuti ndiwatsatire kumtsinje. Udzu wonse unali mbuu ndi chisanu. Anandilozera chomera chotchedwa Lobelia deckenii, chimene masamba ake anali atakumbatirana ngati mutu wa kabichi. Tinakhala pamwala, manja ali m'khwapa, ndipo dzuwa litawomba masamba aja anayamba kufunyululuka pang'onopang'ono. M'kati mwake munali madzi okutidwa ndi ayezi wopyapyala, amene bambowo anamuswa ndi chala. Madziwo amaundana pamwamba pokha, motero nsonga yanthete imene ili pansi pake sipsa ndi chisanu. Chitetezo chotere chimafunika usiku ndi usiku, pakuti pamalo okwera chonchi masana dzuwa limaotcha koma kukada kumazizira mpaka madzi kuundana, chaka chonse. Bambowo sanandipemphe kanthu, ndipo anabwerera mofulumira kukamanga katundu wa anthu ena.

Pamtunda pouma pamamera mtundu wina, Lobelia telekii, umene dzina lake, monganso la chigwachi, likuchokera kwa Sámuel Teleki wa ku Hungary yemwe anafika paphiripa mu 1887. Chomerachi chimakhala zaka makumi angapo chili masamba okhaokha, kenako chimatulutsa phesi limodzi lotha kupitirira msinkhu wa munthu, lokutidwa ndi timasamba titalititali taubweya timene timabisa maluwa ake. Chikabala njere chimafa. Cha kumtsinje chija n'chosiyana, chifukwa chimakhala ndi mitu ingapo yolumikizana pansi pa nthaka, ndipo umodzi ukachita maluwa n'kuuma, inzake imatsala. Ndinaona timbalame tobiriwira ta milomo yaitali tikuyamwa timadzi ta m'maluwa, ndipo potero timanyamula mungu.

Chondidandaulitsa ndi momwe maulendowa amakonzedwera. Magulu amanyamuka usiku ndi matochi kuti dzuwa liwatulukire ali pa Lenana, ndipo potsika amakhala atatheratu, n'kumadula njira paliponse pamene pawachitira pafupi. Komatu mbande za zomerazi zimavutika kale, chifukwa nthaka ikaundana usiku imatukuka n'kuzizula, kotero zochepa zimene zagwira siziyenera kuphedwa ndi nsapato ya mlendo. Amene akufuna kuona masamba akutseguka apemphe usiku wowonjezera m'chigwamo, ngakhale ndalama zikwera, ndipo atenge botolo lachitsulo, popeza kuyambira 2020 mabotolo apulasitiki ogwiritsa ntchito kamodzi ndi oletsedwa m'mapaki a ku Kenya.