Ngongole yatha, nyumba za ophunzira zija ndi zathu tsopano

Mwezi wathawu tinapereka gawo lomaliza la ngongole imene tinagulira nyumba zathu za lendi kuno ku Mangochi, ndipo mapepala a poloti abwerera m'manja mwathu. Ndati ndilembe kuti makolo amene mumatisungitsa ana anu mudziwe kumene tachokera.

Ine ndi bambo a kunyumba tinayambira geni ya nsomba. Tinkapikula usipa ndi utaka ku Makawa ndi ku Msaka n'kumakagulitsa ku Limbe. Ndalama imapezeka, koma mwera ukawomba asodzi salowa m'madzi, iwe n'kungokhala ndi madengu opanda kanthu. Maganizo a nyumba anabwera ndi mwana wa achemwali anga, amene anapeza malo pa DMI St John the Baptist University. Tinayenda naye tauni yonse kusaka pogona. Chipinda chimene tinapeza chitseko chake ankatsekera ndi msomali wopinda, bafa ili kuseri kwa mpanda kumene kumadutsa aliyense. Mwana wamkazi! Usiku umenewo sindinagone.

M'chaka cha 2019 tinamva za nyumba yakale imene mwini wake ankasamuka. Tisanatulutse ngakhale tambala tinapita ku khonsolo ndi kwa amfumu kukafufuza, chifukwa kuno poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo. Ndalama za nsomba sizinakwane, choncho tinakabwereka, mapepala a poloti yomweyo n'kukhala chikole. Tinaigawa zipinda, tinaika siling'i ndi mawindo aakulu okhala ndi sefa. Amene anagonapo pansi pa malata ku Mangochi mu Okutobala akudziwa chifukwa chake, ndipo za udzudzu wa m'mbali mwa Shire sindichita kufotokoza.

Ophunzira oyamba analowa kumayambiriro kwa 2020. Pa 23 Malichi boma linatseka sukulu zonse chifukwa cha Covid-19, ndipo pasanathe sabata panyumba panali zii. Ndinkapita m'mawa kukasesa zipinda zopanda munthu, matiresi ena adakali m'mapulasitiki, chiswe chitayamba kukwera khoma la kuchipinda chakumapeto. Ndinkachikanda ndi mpeni misozi ili chuchuchu. Ana anasiya masutikesi, mabuku ndi mbaula zawo, tinawatsekera bwinobwino ndipo sitinalipiritse aliyense, poti makolo awonso zinali zitawavuta. Koma amene anatibwereketsa ndalama, omwe aja anatipatsa mpando ndi chakumwa chozizira tsiku losaina, sanafune kumva kuti m'dziko mwagwa mliri. Foni m'mawa, foni madzulo, kenaka kalata yoti abwera kudzaika chikwangwani pageti. Sinditchula dzina, akudzidziwa okha. Ndingoti munthu amene anamanga ndi thukuta sathawa ndi nyumba pamutu, mukanatha kutimvera.

Bambo a kunyumba anagulitsa njinga yawo yamoto, ine ndinabwerera ku madengu a usipa. Abale ena ankati tigulitse nyumbayo zisanafike poipa. Tinakana. Sukulu zitatsegulidwa ana athu onse anabwerera, ena atatenga anzawo, ndipo ngakhale anatsekanso kumayambiriro kwa 2021, apo tinali titalimba kale.

Kolera itavuta kuno mu 2022 ndi 2023 tinaika ndowa za madzi a kolorini pakhomo lililonse, ndipo palibe mwana wathu anagonekedwa m'chipatala. Zimenezi ndimazinyadira kuposa njerwa zonse. Titayamba mdadada wachiwiri, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wogulitsa zomangira wina amene tinali titamulipira kale malata anati tionjezere ndalama apo ayi katundu satuluka, chonsecho lisiti lili m'manja mwathu. Tinaonjezera, koma phazi lathu silinapondenso m'sitolo mwake.

Ndithokoze Mulungu amene watisunga. Ndithokoze bambo a kunyumba, amene anayenda pa kabaza chaka chathunthu osadandaula. Amayi anzanga a ku banki nkhonde, munandikongoza nthawi imene ena ankandizemba, Mulungu akudalitseni. Amisiri athu amene munadikira malipiro, agogo oyandikana nawo amene mumatiuza mukaona mlendo wokayikitsa, alonda athu, a sheikh ndi abusa amene munabwera kudzapempherera malowa, zikomo kwambiri. Asodzi a ku Makawa amene munkandipatsa nsomba pangongole, njerwa zina pano ndi zanu. Ndipo inu ana anga amene munamaliza maphunziro koma mumaimbabe foni kuti amayi muli bwanji, ndinu amene mwatitchukitsa.

Tsopano makolo, mverani. Mdadada wa atsikana ndi wa anyamata ndi wosiyana, uliwonse ndi geti lake, ndipo geti timatseka usiku. Chipinda n'cha anthu awiri, muli bedi, matiresi, tebulo lowerengera ndi neti. Madzi ndi a pampopi, tilinso ndi thanki yosungira. Magetsi ndi olipiriratu, ndipo akazima pali nyale za sola zoti mwana awerengebe. Kukhitchini ana achisilamu ali ndi mbali yawo ndi mapoto awo, pa Ramadani timawatsegulira m'bandakucha kuti aphike daku. Mwana akadwala usiku ndimapita naye ndekha ku chipatala chachikulu cha Mangochi n'kukuimbirani.

Lendi timalandira pamwezi kapena pa semesita, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo lisiti limaperekedwa nthawi yomweyo. Amene mukubwera kudzachita maphunziro oyeserera ntchito kuchipatala kwa miyezi yochepa, malo anu aliponso. Zipinda za atsikana zatsala zochepa semesita ikubwerayi, choncho tilembereni uthenga msanga, kapena bwerani Loweruka mudzaone nokha musanalipire.