Sabata yofufuza mafilimu opanda mawu

Mayeso akayandikira, obwera pa desiki langa mu laibulale amangofuna mapepala a mayeso akale. Koma Lolemba kunabwera mtsikana wa chaka chomaliza, wandipeza ndikumata mabuku ong'ambika. "Amayi, ndikulemba za mafilimu akalekale aja opanda mawu. Alipo oti ndionere?"

Ife tilibe, ndipo ambiri mwa iwo kulibenso amene ali nawo. Lipoti la 2013 la Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, linapeza kuti mwa mafilimu aatali pafupifupi 11,000 amene anapangidwa ku America kuyambira 1912 mpaka 1929, 70 pa 100 aliwonse anatheratu. Ankajambulidwa pa filimu ya nitrate, yosachedwa kugwira moto ngati udzu wa mu Okutobala, ndipo ikakalamba imawola n'kusanduka fumbi. Moto wa mu 1937 pa nyumba yosungiramo mafilimu a Fox ku New Jersey unapsereza ochuluka usiku umodzi.

Ndiye ndinamuuza kuti zoonera zidikire kaye, tiyambe ndi mapepala. Ndinamutsegulira tsamba la pa intaneti la Media History Digital Library, kumene magazini akale a zakanema amawerengedwa ulere, ndi Lantern yofufuzira mawu m'kati mwake. Mu magazini ya Moving Picture World, yomwe inayamba kutuluka mu 1907, filimu yotayika umaipeza m'zotsatsa malonda, m'ndemanga, ngakhale m'madandaulo a eni nyumba zoonetsera kanema. Kwa ine madandaulowo ndiwo okoma, chifukwa amaulula zimene anthu wamba ankakana kuonera.

Chimene chinam'dabwitsa ndi ichi. Chisanafike chaka cha 1912, lamulo la ku America loteteza umwini silinkatchula mafilimu. Opanga mafilimu ankasindikiza chithunzi chilichonse pa mpukutu wa pepala n'kukaupereka ku Library of Congress ngati zithunzi wamba. Nitrate inawola, pepala linatsala, ndipo patapita zaka mipukutuyo anaijambulanso n'kukhala mafilimu oonereka.

Lachitatu magetsi anavuta tsiku lonse. Tinangolemba manotsi.

Lachinayi anabwera nkhope ili gwa: aphunzitsi ake afunsa kuti nanga zakuno? Apa ndinam'lozera ku Bantu Educational Kinema Experiment ya 1935 mpaka 1937, ntchito ya azungu yopanga mafilimu ophunzitsira anthu a mu Africa. Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham anapanga mafilimu 35 ku Tanganyika, mawu ake akuchokera pa galamafoni, n'kumayenda nawo pa lole mpaka ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mafilimu atatu okha ndi amene anatsala, ku BFI National Archive, nyumba yosungiramo mafilimu ku Britain. Ndinam'chenjeza kuti malipoti ake analemba ndi azungu oonetsawo, choncho akamati anthu anakondwera, awerenge ndi diso la mafunso.

Lachisanu ndinam'lembera kalata yopita nayo ku National Archives ku Zomba, akayang'ane zotsatsa za kanema mu Nyasaland Times yakale. Anaipinda bwinobwino n'kufunsa ngati dipatimenti ingam'patseko ya thiransipoti. Imeneyo ndinamuuza kuti akaonane ndi aphunzitsi ake.